Oyilo wolemera sachiritsa injini yotopa

Pali mawu amene ndimawamva kawirikawiri pagaraja pathu kuno ku Chintheche: “Ada, galimoto yangayi yakula, mundithirire oyilo wolemera.” Onena mawuwa ndi anthu osamala katundu wawo. Ena ndi madalaivala a malo ogona alendo ku Kande, ena amanyamula usipa kupita nawo ku Mzuzu, ena ndi aphunzitsi opuma pantchito amene anathira ndalama yonse ya penshoni pa Pajero kapena Prado yochokera ku Japan. Anamva kwa anzawo kuti injini ikakalamba imafuna 20W-50, kapenanso SAE 50 weniweniyo, ndipo wogulitsa akawadonthezera pang'ono pachala, iwo n'kutikita, n'kumva kuti akunanda, mtima umakhala pansi. Ine ntchito yanga ndi yotsegula mainjini, ndipo zimene ndimapeza m'katimo zimandimvetsa chisoni, chifukwa chikhulupiriro chimenechi chapha injini zimene zikanatumikirabe kwa zaka.

Tiyambe ndi ntchito ya oyiloyo. Pansi pa injini pali chitsulo chokhotakhota chimene timachitcha krankishafuti. Mukamathamanga pa msewu wa M5 chimazungulira maulendo 2,000 kapena 3,000 pa mphindi imodzi. Chimagona pa mabering'i, ndipo mpata wa pakati pake sukwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita. Pampu imakankhira oyilo mumpata umenewo, kotero chitsulo chimayandama pa oyilo osakhudza chinzake. Oyilo yemweyo amakwera kumutu kwa injini kukanyowetsa kamshafuti ndi mavalavu, amatsuka mwaye, amachotsa kutentha kunsi kwa mapisitoni kumene madzi a m'radiyeta safikako, kenako n'kubwerera mu sampu. Zonsezi zimatheka pokhapokha oyilo akamayenda. Amene akuchedwa kufika, kaya munamugula modula chotani, palibe chimene akuteteza.

Manambala a pachigubu amanena za kayendedwe kameneka. Anawakhazikitsa ndi a bungwe la akatswiri a zamagalimoto la SAE la ku America, ndipo maiko onse amatsatira muyezo womwewo, kotero 15W-40 wa ku Durban ndi 15W-40 wa ku Dubai amayenera kukhala m'gulu limodzi. Oyilo ali ngati uchi: m'mawa wa mu Juni sufuna kutuluka m'botolo, koma ukakhala padzuwa la mu Okutobala umachita kuyenderera. Nambala yoyamba, yokhala ndi W, imanena mmene oyilo amayendera injini ili yozizira. Ikachepa, ndiye kuti oyiloyo amakwera msanga mukangoliza. Nambala yachiwiri imanena kulemera kwake pa madigiri 100, komwe ndi kutentha kumene oyilo amagwirirapo ntchito injini ikapsa bwino.

Oyilo wa 15W amamuyesa pa madigiri 20 kunsi kwa ziro, wa 5W pa madigiri 30 kunsi kwa ziro. Kuzizira kotere kunyanja kuno kulibe, n'chifukwa chake nambala yoyambayi siitidetsa nkhawa ngati anzathu a kumaiko a chisanu. Komabe musaiyese yopanda pake. Kwa injini, m'bandakucha wa ku Kande ndi kozizira ndithu, pakuti pa madigiri 20 oyilo wa 15W-40 amakhala wolemera kuposa kakhumi mmene amakhalira pantchito. Masekondi oyamba aja, oyilo asanafike kumutu, ndi pamene zitsulo zimadyana kwambiri. Apa ndi pamene oyilo wa nambala imodzi, SAE 40 kapena SAE 50, amatigwetsa mphwayi. Iyeyu alibe mankhwala omuthandiza kuti asasinthe kwambiri pakati pa kuzizira ndi kutentha. Amakhala bwino m'injini ya chigayo, imene imalizidwa kamodzi m'mawa n'kumalira tsiku lonse pa liwiro limodzi. Galimoto imene imazimitsidwa ndi kulizidwa pamsika, pasukulu, pachipatala, imafuna wa manambala awiri.

Nanga bwanji oyilo wolemera amaoneka ngati akuthandiza? Anthu sanama akamati anathira 20W-50 zinthu n'kusintha. Nyali yofiira ya oyilo ija, imene imaphethira galimoto ikaima itakwera chitunda, imazimadi. Utsi umachepa. Phokoso la kumutu limatsika. Koma nyaliyo siyeza kuchuluka kwa oyilo amene akudutsa. Imayeza mphamvu imene pampu ikulimbana nayo pokankha. Mukathira wolemera, pampu imavutika kwambiri, mphamvuyo imakwera, nyali n'kuzima, pamene oyilo wodutsa m'mabering'i sanachuluke. Mphamvu ikapyola malire, kavalavu kena ka pa pampu kamatseguka, gawo lina la oyilo n'kubwerera mu sampu lisanagwire ntchito iliyonse. Oyilo wochepa amachotsa kutentha kochepa. Injini imatentha m'kati, imamwa dizilo wambiri, ndipo chimene chinayatsa nyali chija chikadali pompo, chikukula mwakachetechete.

Nyali ikaphethira, choyamba ndi kupeza chifukwa. Nthawi zina ndi kaswichi kokha kamene kafa, kanthu kotsika mtengo. Nthawi zina sefa ya mu sampu, imene pampu imayamwirapo, yatsekeka ndi phala lakuda la oyilo wokhalitsa. Nthawi zina mainjekita akudontha, dizilo watsikira mu sampu n'kusungunula oyilo. Ndipo nthawi zina ndi mabering'i amene atha. Pa zinayi, oyilo wolemera amangokhudzako chomalizachi. Makaniko wanu achotse kaswichiko, amangepo geji yamanja, injini itenthe, muwerenge limodzi. Mabuku a Toyota a injini ngati 1HZ amalola kuti mphamvuyo itsike kufika pa 0.3 bar injini ikamalira payokha itatentha. Anthu ambiri amadabwa kuti malire ake ndi otsika chonchi, ndipo ena amapita kwawo atapeza kuti injini imene ankaiyesa yakufa ili bwinobwino.

Ndikapeza kuti mabering'i athadi, ndimamuuza mwini wake chilungamo. Tikhoza kukwera sitepe imodzi, kuchoka pa 40 kupita pa 50, kuti galimoto izipezabe ndalama pamene akusonkhanitsa ya ovaholo. Koma kumeneko ndi kugula miyezi chabe. Mabering'i akasinthidwa nthawi ikadalipo, ntchito yake ndi yochepa. Mukadikira mpaka injini itanoka, krankishafuti imafunika kupita kumakina kutauni kukapalidwa, ndipo kondirodi ikathyoka n'kuboola buloko, mumayamba kusaka injini ina.

Tsopano tembenuzani chigubu. Kumbuyoko kuli timalemba timene anthu ambiri sawerenga, koma kwa ine ndi tofunika kuposa manambala akuluakulu a kutsogolo aja. Mudzapeza API, dzina la bungwe la zamafuta la ku America, kenako zilembo ziwiri. Zoyamba ndi S ndi za injini ya petulo, zoyamba ndi C ndi za dizilo. Chilembo chachiwiri chikamapita kutsogolo pa alifabeti, ndiye kuti muyezo wake ndi wa posachedwa ndipo mayeso ake ndi okhwima. Ku dizilo, CF-4 inabwera mu 1990, CH-4 mu 1998, CI-4 mu 2002, CJ-4 mu 2006, CK-4 mu 2016. Ku petulo, SL ndi ya 2001, SM ya 2004, SN ya 2010, SP ya 2020. Buku la galimoto yanu likati CF-4, mukhoza kuthira CH-4 kapena CI-4 popanda mantha, pakuti watsopano amakwanitsa zonse za wakale ndi kuposerapo. Kubwerera m'mbuyo ndiko koopsa. M'magolosale ena mukadali zigubu zokongola zolembedwa SF kapena CC. A API eni ake amati SF sayenera injini zambiri za petulo zopangidwa chitadutsa chaka cha 1988. Ndipo chigubu chimene chilibiretu zilembozi, chisiyeni pa shelefu pomwepo.

Zilembozi zimanena za mankhwala amene ali m'oyilomo, ndipo mankhwalawo ndi amene amasiyanitsa oyilo wa dizilo ndi wa petulo. Injini zakale za dizilo zimatulutsa mwaye wambiri. Wina umatuluka ndi utsi, wina umadutsa m'mbali mwa maring'i n'kugwera mu sampu. Oyilo wa C ali ndi mankhwala ogwira timwaye timeneti kuti tiziyandama patokhapatokha, tisaundane n'kutseka njira. Ichi n'chifukwa chake oyilo watsopano amada bii mukangoyenda masiku ochepa. Musamukayikire makaniko kuti sanasinthe. Kudako kukusonyeza kuti oyilo wanyamula zonyansa m'malo mozisiya pazitsulo. Palinso safa wa m'dizilo, amene akapsa n'kukumana ndi chinyezi amasanduka asidi wodya zitsulo, ndipo oyilo wa C ali ndi mankhwala ophera asidiyo. Kuyambira 2017 dziko lathu linasamukira ku dizilo wa safa wochepa, wa 50 ppm m'malo mwa 500, zimene zinapeputsa ntchito ya oyilo. Koma ife a kumudzi tikudziwa kuti mafuta akasowa pamapampu timagula a m'zigubu, amene palibe angatsimikize kumene achokera kapena chimene asakanizidwa nacho.

Ndiye muthire uti? Yankho lili pa dzina la injini, osati pa zaka za galimoto. Tsegulani boneti, yang'anani kachitsulo kolembedwa manambala, mupeza dzinalo. Land Cruiser ya injini ya 1HZ ya malita 4.2, imene Toyota inayamba kupanga mu 1990 ndipo ndi imene imayendetsa maambulansi ambiri a m'maboma. Prado ndi Hilux Surf za 1KZ-TE. Pajero ya 4D56 kapena 4M40. Nissan Patrol ya TD42. Land Rover ya 200Tdi kapena 300Tdi: zonsezi kwa nyengo yathu ndimathira 15W-40 wa CH-4 kapena CI-4. Ndi oyilo yemwe amathiridwa m'malole, amapezeka pafupifupi pamalo aliwonse omwetsera mafuta, ndipo mayina ngati Rubia, Rimula ndi Delo ali m'gulu limeneli. Buku lobwera ndi galimoto ya ku Japan kawirikawiri limatchula 10W-30 poyamba, chifukwa cha chisanu cha kwawoko. Ngakhale lili m'Chijapani, manambala ake ndi omwewa, ndipo pa tchati cha nyengo mudzaona kuti kumalo otentha 15W-40 ndi wololedwa.

Za petulo zimafuna kusamala kwina. RAV4 yoyamba ija ya injini ya 3S-FE, kapena Prado ya 3RZ-FE, imakhala bwino ndi 10W-40 kapena 15W-40 wa SL kupita m'tsogolo. Koma pa injini mukaona palembedwa VVT-i, kapena muli ndi X-Trail kapena CR-V ya zaka za m'ma 2000, dziwani kuti oyilo ali ndi ntchito inanso: ndi iye amene amasuntha kamshafuti kuti mavalavu atseguke pa nthawi yake, ndipo amadutsa m'timabowo tating'ono ndi kasefa kosalimba. Injini zimenezi zinapangidwira oyilo wopepuka ngati 5W-30. Ikayenda mtunda wautali, 10W-40 ndiye malire amene ine ndimafikapo. Mukaithira 20W-50 imayamba ulesi, imagogoda m'mawa, nyali ya injini n'kuyaka, mwini wake n'kuyamba kugula masensa amene sanafe. Komanso pali magalimoto a dizilo a posachedwapa okhala ndi sefa ya mwaye mu ekizozi, yotchedwa DPF. Amenewo amafuna oyilo wa phulusa lochepa, wolembedwa DL-1 kapena gulu la C la muyezo wa ku Ulaya wa ACEA, ndipo oyilo wa malole uja amatseka sefayo.

Ambiri amafunsa za oyilo wa sinthetiki, kuti kodi n'zoona amaboola masilo a injini yakale. Saboola. Akhoza kutsuka litsiro limene linamata silo yotha kale, kudontha n'kuonekera, koma silo yabwino saiwononga. Ndi oyilo wabwino, makamaka pa injini ya petulo ndi ya turbo. Chimene ndimakaniza ndi kumugula modula n'cholinga choti mukhale naye makilomita 15,000 m'injini yakale ya dizilo. Mwaye sufunsa mtengo wa oyilo. Umadzaza mu sampu pa liwiro lomwelo, ndipo njira yokha youchotsera ndi kukhetsa.

Apa ndi pamene nkhani yakula kwenikweni, pakuti injini zambiri zimene ndatsegula zinafa ndi oyilo wokhalitsa kuposa oyilo wolakwika. Ndikumvetsa chifukwa chake. Oyilo timachita kuitanitsa kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo wake unakwera moti sevisi ya Land Cruiser, imene imamwa malita oposa 9, inasanduka nkhani yokambirana pabanja. Prado ya 1KZ-TE imafuna pafupifupi malita 7, RAV4 pafupifupi 4. Munthu amaganiza kuti angowonjezerako makilomita 2,000, kenako enanso 2,000. Koma taonani misewu yathu. Kuchoka kunyanja kukwera ku Mzuzu kudzera pa Mpamba, pa mtunda wosakwana makilomita 50, galimoto imakwera mamita pafupifupi 800, nthawi zambiri itasenza. Msewu wa Mzuzu–Bula–Usisya ndiye wina. Potsetsereka ndi pokwera phiri lija mumayenda pa giya yaing'ono ya 4x4, injini ikulira mokweza pamene mawilo akungokwawa. Mita ya makilomita imawerenga kuzungulira kwa mawilo, siwerenga kuzungulira kwa injini. Ola limodzi pa msewu umenewo likhoza kulemba makilomita 15 okha, pamene oyilo wagwira ntchito yoposa ya ulendo wochoka ku Chintheche kukafika ku Dwangwa. Kwa dizilo wakale, malire anga ndi makilomita 5,000 kapena miyezi 6, chimene chayamba kukwana. Galimoto ya ku Usisya, ku Chikwina kapena ya m'misewu ya m'minda ya tiyi ku Kawalazi, ndimaiitana msanga kuposa pamenepo. Fyuluta ya oyilo isinthidwe nthawi iliyonse, pakuti yakale imasunga oyilo wakuda ndipo ikatsekeka imalola oyilo kudutsa osasefedwa.

Miyezi 6 ija ikukhudzanso inu amene galimoto yanu siyenda kwambiri. Boma lathu ndi la mvula yambiri ndi chinyezi. Galimoto imene imangochoka pa loji kupita kumsika wa Chintheche n'kubwerera siitentha mokwanira kuti madzi amene aunjikana mu sampu auluke. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol, amene anayamba kupangidwa ku Dwangwa mu 1982, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Petulo wotere akamatsikira pang'onopang'ono mu sampu ya injini yosatentha, oyilo amaonongeka ngakhale mita isanasunthe kwenikweni.

Fumbi nalo limapha oyilo kudzera kukhomo lina. Fyuluta ya mpweya ikang'ambika, kapena paipi yake ikamasuka, mchenga wosalala umalowa m'masilinda n'kupala maring'i, kenako injini imayamba kudya oyilo. Chizolowezi chopopera fyulutayi ndi mpweya wamphamvu wa kompuresa chimang'amba pepala lake mosaoneka. Igogodeni pang'ono, iunikeni padzuwa, ikatopa gulani ina. Inu a turbo, mukafika pamwamba pa chitunda musazimitse nthawi yomweyo. Isiyeni ilire payokha mphindi imodzi kapena ziwiri, chifukwa oyilo akaima m'turbo yotentha amapsa n'kusanduka makala.

Dipisitiki imalankhula zambiri kwa amene amaifunsa m'mawa uliwonse, galimoto ili pamalo athyathyathya. Oyilo akhale pafupi ndi chizindikiro cha pamwamba, makamaka musanapite kumapiri, pakuti galimoto ikapendekeka kwambiri oyilo wochepa amathawira mbali imodzi, pampu n'kuyamwa mpweya. Musapyolenso chizindikirocho, krankishafuti ingamamenye oyilo n'kuchita thovu. Oyilo akamakwera yekha, akununkha dizilo, pitani mukayezetse mainjekita. Akayera n'kukhala wotuwa, mwalowa madzi, kaya kudzera pa gasiketi ya kumutu kaya powoloka mtsinje nthawi ya dzinja, ndipo galimotoyo isalizidwenso mpaka atakhetsedwa. Akachepa muli panjira, wonjezerani aliyense wa injini amene ali pafupi ndi wanu, ngakhale dzina likhale lina. Oyilo wosakaniza ndi wabwino kuposa sampu youma. Chimene musathire ndi oyilo wa giyabokosi kapena wa difu, ndi timabotolo ta mankhwala onanda aja amene amati amaletsa utsi. Ndipo mwambo wotsuka injini poiliza ndi dizilo kapena parafini mu sampu uthe. Umatakasa litsiro lonse nthawi imodzi, n'kukatseka sefa ya pampu, pamene mabering'i akuzungulira opanda chowateteza. Injini yakuda m'kati imayera ndi masevisi awiri kapena atatu ochitika pafupipafupi.

Abale athu a kunyanja ndi a kabaza, oyilo wa galimoto si wanu. Injini ya boti yosakaniza oyilo ndi petulo imafuna wolembedwa TC-W3, amene amapsa osasiya phulusa pa pulagi. Njinga yamoto imafuna wolembedwa JASO MA, chifukwa kilatchi yake imakhala m'oyilo momwemo.

Chatsala ndi oyilo wachinyengo, amene amafafaniza zonse ndanenazi, pakuti chigubu chikhoza kulembedwa 15W-40 CI-4 koma m'kati muli zina. Pali anthu amene amatolera oyilo wakuda m'magaraja, n'kumusefa, n'kumuthira m'zigubu za mayina odziwika. Wina amagulitsidwa mopima m'mabotolo a madzi akumwa m'mbali mwa msewu. Chala sichingakuuzeni kusiyana kwake, chifukwa mankhwala amene atha m'oyilo saoneka ndipo samveka pokhudza. Gulani pamalo omwetsera mafuta kapena m'sitolo imene mungabwererekonso mawa, onani kuti chotsekera sichinathyoledwe, kuti nambala ya pachigubu siinafufutidwe, ndipo landirani lisiti. Mtengo ukatsika kwambiri kuposa wa kwina konse, kayikirani. Mukapeza wokayikitsa, a Malawi Bureau of Standards ndi amene ntchito yawo ndi yoona za miyezo ya katundu. Pa sevisi, pemphani kuti chigubu chitsegulidwe inu mukuona. Makaniko wachilungamo sakhumudwa nazo.

Oyilo wakuda amene wakhetsedwa asungidwe m'diramu yotseka. Asatayidwe m'ngalande, pakuti ngalande zonse za kuno zimathera m'Luweya ndi m'mitsinje ina, mitsinjeyo n'kuthera m'nyanja imene tikumwa ndi kuphamo usipa. Asapakidwe pa zilonda za ziweto, ndipo wobwera kudzagula mumufunse kumene akupita naye. Chigubu chopanda kanthu musatungiremo madzi akumwa ngakhale mutachitsuka ndi sopo. Chibooleni kunsi ndi mpeni musanachitaye, kuti wina asachitole n'kudzakugulitsaninso chitadzaza oyilo wakuda.